Makiyi asanu ndi awiri m'thumba la manijala: nkhani ya koparetivi ina ya mpunga ku Nkhotakota

Mu Ogasiti 2022 wapampando wa bodi ya koparetivi ina ya alimi a mpunga ku Nkhotakota anandiimbira foni usiku. Sanachulutse gaga m'diwa: "Alangizi, tabwerani mudzatiwerengere mabuku. Manijala wathu akutidyera." Ndakhala ndikulangiza makoparetivi ndi magulu a alimi m'maboma a m'mbali mwa nyanja kwa zaka zingapo, ndipo foni yotere si yachilendo. Kawirikawiri bodi imakhala itaweruza kale mlandu, kwa mlangizi imangofunako chidindo. Nanenso ndinakwera minibasi ya M5 nditaweruza kale, ndipo panapita masabata awiri ndisanazindikire kuti ndikusaka nyama yomwe kulibe. Mayina a anthu ndi a koparetivi ndawasiya dala.

Koparetiviyi inalembetsedwa motsatira lamulo la makoparetivi la 1998. Ili ndi mamembala opitirira 300 olima Faya ndi Kilombero, makina opunthira mpunga, nkhokwe ya malata yosungiramo matumba, ndi kaofesi ka chipinda chimodzi. Imagula mpunga wosapuntha kwa mamembala kuyambira mu Epulo mpaka mu Juni, imasunga, imapuntha, n'kumagulitsa ku Lilongwe ndi ku Kasungu. Anthu wamba nawonso amabwera kudzapunthitsa wawo n'kulipira pa thumba. Olembedwa ntchito analipo asanu: manijala, kalaliki wamkazi, mnyamata wa pamakina ndi alonda awiri. Aganyu amabwera nthawi yogula.

Manijalayo, bambo wa zaka za m'ma 30, anali atayendetsa makinawo zaka zisanu ndi chimodzi. Ankamva ndi khutu kuti marola a labala atha asanatsegule n'komwe. Manijala wakale atapeza ntchito kwina mu 2021, bodi sinavutike kuganiza: wodziwa chigayo ndi uyu, sanabepo kanthu, ndiponso ndi mwana wa mlongo wawo wa a Tcheya, wapampando uja. Anamupatsa mpando, makiyi ndi kowonjezera pang'ono pa malipiro. Pepala lofotokoza ntchito yake panalibe, wakaleyo sanamusiyire chilichonse cholembedwa, ndipo pamakina anangoikapo mnyamata yemwe kale ankanyamula matumba.

Madandaulo a bodi anali atatu. Mpunga wogulitsidwa sunkagwirizana ndi wogulidwa. Sukulu ina yogonera komweko, kasitomala wawo wamkulu, inali itathetsa mgwirizano mpunga utachedwa kawiri. Ndipo mamembala ena anali atadikira ndalama zawo masabata asanu ndi limodzi, moti ambiri anayamba kupita kwa mavenda omwe amalipira pompopompo.

Kumene kunapita mpunga

Ndinayamba ndi sikelo, osati ndi munthu. Bodi inkawerengera kuti thumba likalowa losapuntha, lituluke lopuntha lochepera pang'ono chabe. Aliyense wa pachigayo amadziwa kuti sizitero. Pa makilogalamu 100 a mpunga wosapuntha, makina ang'onoang'ono ngati awa amatulutsa pakati pa 60 ndi 65, otsalawo ndi mankhusu ndi madeya. Gawo lalikulu la "kuba" linathera pomwepo, pa masamu omwe palibe anawafotokozerapo bodi.

Gawo lina linapita ndi dzuwa. Mpunga wofunika kusunga ndi kupuntha uyenera kukhala ndi chinyezi cha 14 peresenti kapena kuchepera pang'ono. Wogulidwa mu Epulo, wongomenya kumene, umatha kukhala ndi 20. Makilogalamu 100 a mpunga wotero akauma kufika pa 14 amatsala 93. Ndiye kuti koparetivi inkalipira madzi pa mtengo wa mpunga. Kachipangizo koyezera chinyezi kanalipo, m'dilowa, mabatire atatha kalekale. Manijala ankayeza poluma njere ndi mano, ndipo ndinamuyesa: mano ake sankaphonya kwenikweni. Koma mano akewo ankapita naye kubanki, kumaliro ndi kumsonkhano. Iye akachoka, aganyu a pasikelo ankalandira chilichonse. Kenako wonyowawo ankauyanika pa malona dzuwa la masana mpaka kuumitsitsa, ndipo popuntha unkasweka n'kuchuluka misere yomwe imagulidwa motchipa.

Nditachotsera zonsezi, panatsalabe matumba 41 a mpunga wopuntha omwe sankaoneka m'buku lililonse. Apa ndinati ndamugwira. Ndinamuitana muofesi madzulo kalaliki ataweruka.

"A Manijala, matumba 41. Ali kuti?"

Sanayankhe. Anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kakope ka ana asukulu, kopindidwa pakati, kakuda ndi girizi. Tsamba lililonse linali ndi tsiku, dzina ndi chiwerengero. Matumba awiri ku maliro a kwa amfumu. Limodzi kwa msungichuma wa bodi, "adzalipira akakolola". Atatu ku chinkhoswe. Dzina lobwerezedwa kwambiri linali la a Tcheya, omwe anandiimbira foni aja: matumba 14. Nditaphatikiza zinakwana 41, osapereweza ngakhale limodzi.

"Bwanji simunalembe m'buku lalikulu?"

"Buku lalikulu amaliwerenga pa msonkhano. Ndikanawerenga dzina la amalume pa gulu?"

"Nanga bwanji simunawakanize?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. "Alangizi, anandilipirira fizi ndi iwowo. Mpandowu anandipatsa ndi iwowo. Akaima pakhomo la nkhokwe n'kunena kuti tandinyamulira awiri, ine ndinene kuti chiyani?"

Sindikhulupirira kuti a Tcheya ankanama dala ponena kuti pali wakuba. M'mutu mwawo matumba 14 aja anali ngongole ya pachibale, yosakhudzana ndi dzenje lomwe ankaliona m'mabuku. Ndaziona m'magulu ambiri: wotenga pang'onopang'ono saphatikiza.

Masiku atatu kumbuyo kwake

Mlandu wa kuba utagwa, funso linasintha. Munthu wokhulupirika chonchi, wolimbikira chonchi, zinthu zikumuthawa bwanji? Ndinapempha kuti ndimutsatire masiku atatu ndi kope langa, ndizilemba chilichonse chomwe akuchita ndi nthawi yake. Anzanga a ntchito ino, njira imeneyi ndi yotopetsa koma imaulula zomwe mafunso saulula. Mukamufunsa manijala ntchito yake, amakuuzani zomwe akuganiza kuti mukufuna kumva.

Chaka chimenecho magetsi ankavuta dziko lonse, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Tsiku loyamba magetsi anayaka cha m'ma 1 koloko usiku. Mlonda anamuimbira, iye anapalasa njinga kudzayatsa makina, n'kupuntha mpaka m'bandakucha, mnyamata wa pamakina akungomupatsira matumba. Pofika 8 koloko anali atagona pa benchi muofesi, ufa wa madeya uli mbuu m'tsitsi. Kalaliki anakhala panja pa mpando mpaka 10 koloko chifukwa buku la malisiti linali m'chikwama chomwe manijala anatsamira. Amayi anayi odzapunthitsa anadikira, awiri anatopa n'kupita ku chigayo china. Atadzuka anakwera kabaza kupita kuboma kukasungitsa ndalama, makiyi onse ali m'thumba: a nkhokwe, a ofesi, a kabati, a bokosi la ndalama, a chipinda cha makina, asanu ndi awiri pa chingwe cha mphira. Ali kumzere wa kubanki, wogula wa ku Kasungu anafika ndi galimoto, anapeza nkhokwe yotseka, anabwerera.

Pa masiku atatuwo sindinamuone ngakhale kamodzi akuuza munthu kuti mawa tichite chakuti. Sanaimbire wogula aliyense, ankangoyankha mafoni. Sanakhale pansi ndi pepala kuwerengera ndalama zolowa ndi zotuluka za mwezi wamawa. Nthawi yake yambiri inathera pa makina ndi pa ntchito zomwe ena anayi amalipidwira.

Omwe tinaphunzira za utsogoleri wa pantchito timakumbukira Robert Katz, yemwe mu 1955 anagawa luso la manijala patatu: luso la ntchito yeniyeniyo, luso lokhala ndi anthu, ndi luso loona bungwe lonse ngati chinthu chimodzi. Iye ankati munthu akamakwera, loyambalo limachepa kufunika kwake ndipo lachitatu limakula. Bodi inasankha munthuyu chifukwa cha loyamba, n'kumamuweruza ndi ziwiri zinazo zomwe palibe anamuphunzitsa. Henry Mintzberg, atatsatira akuluakulu a mabungwe momwe ine ndinatsatirira uyu, anafotokoza mu 1973 maudindo khumi a manijala, ndipo anapeza kuti tsiku lawo limakhala lodukaduka. Choncho kudukaduka pakokha sikunandidetse nkhawa. Chinandidetsa nkhawa n'chakuti pa maudindo khumiwo iye ankagwira umodzi wokha, wozimitsa moto ukabuka. Wokambirana mitengo, wogawa anthu ndi ndalama, wolumikizana ndi akunja, wolankhulira bungwe, mipando yonseyi inali yopanda munthu.

Nkhani ya sukulu ija inaonetsa bwino zimenezi. Mtengo anagwirizana mu Malichi 2022. Mu Meyi kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo matumba olongedzera, malamba, marola ndi thiransipoti zonse zinakwera. Palibe anabwerera kusukuluko kukakambirananso. Manijala ankayesa kuti za mitengo ndi za bodi, bodi inkayesa kuti ndi za manijala. Thumba lililonse lopita kumeneko linkapita ndi ndalama ya koparetivi, ndipo iye pozindikira m'mimba mwake kuti akuluza, ankayamba wagulitsa kwa olipira kashi, sukulu n'kumadikira. Kuchedwa kulipira mamembala kunachokeranso komweko: anagula mpunga wonse womwe unabwera pasikelo, osawerengera kuti ndalama yolipirira ichokera kuti. Kukana membala kunkamuvuta monga momwe kukana amalume kunkamuvutira.

Pomwe ndinalakwitsa

Ndinalemba lipoti langa, ndinaikamo mndandanda wa m'kakope muja, n'kuliwerenga pa msonkhano wa bodi yonse. Ndinkaganiza kuti chilungamo chikayalidwa poyera aliyense achita manyazi n'kukonza. A Tcheya anamvetsera mpaka dzina lawo litatchulidwa, anatenga chipewa chawo n'kutuluka. Ena awiri anawatsatira. Chiwerengero chofunika kuti msonkhano upitirire chinaperewera, ndipo kwa masabata atatu palibe chinayenda. Manijala ndiye anavutika kwambiri, poti kumudzi ankamunena kuti wagulitsa amalume ake kwa mlendo.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, yemwe ankatsogolera komiti yoyang'anira kayendetsedwe ka chuma, komiti yomwe ine ndinali nditaiiwala poti sinkakumana. Anandiitanira kwawo, anandipatsa mpando pakhonde, n'kundiuza mosapsatira: "Mwana wanga, zoona munanena, koma munthu wamkulu savulidwa pa bwalo. Mukanayamba mwapita kwawo." Anapita okha kwa a Tcheya kawiri. Zomwe anakambirana sanandiuze. Chomwe chinatuluka n'chakuti ngongole zonse zilembedwe m'buku lalikulu ngati ngongole za mamembala, zidulidwe pa mpunga womwe adzabweretse, ndipo pa msonkhano waukulu wa pachaka patchulidwe chiwerengero chonse popanda mayina. Ena angati kumeneko n'kubisa. Ine ndinavomera chifukwa cholinga chinali kuti matumba abwerere ndipo khomo litsekeke, ndipo mayina anakhalabe m'buku lomwe woona za mabuku aliyense angaliwerenge.

Kumuchotsa, kumubweza, kapena kumuphunzitsa

Bodi itakumananso panali njira zitatu. Ena ankafuna achotsedwe. Ndinawakumbutsa kuti lamulo la ntchito la 2000 limafuna chifukwa chomveka komanso kuti munthu apatsidwe mpata wodziteteza, ndipo pa mlandu wa kuba umboni unali kumbali yake. Njira yachiwiri anaipempha mwini wake: "Ndibwezereni ku makina, kumeneko ndimagona tulo." Ndinaiganizira kwambiri, ndipo m'magulu ena ndailimbikitsapo, poti si aliyense waluso amene ayenera kukhala bwana, ndipo kubwerera si manyazi malipiro akapanda kudulidwa. Pano ndinakana pa zifukwa ziwiri. Malipiro omwe koparetivi ikanakwanitsa sakanakopa munthu wodziwa kale ntchitoyi. Ndiponso aliyense wobwera akanapeza khomo la nkhokwe lomwelo ndi akuluakulu omwewo ataimapo. Kakope kaja kanandiuzanso kanthu: munthu wolemba yekha zinthu zomwe zikanamupachika ali nacho kale chikumbumtima choyang'anira katundu, chongofunika kuchipatsa njira. Tinasankha njira yachitatu, yomusiya pampando n'kumuphunzitsa, ndipo tinagwirizana miyezi isanu ndi umodzi yoyesera.

Zomwe tinasintha zinali zazing'ono, ndipo dala sitinayambe ndi maphunziro a m'kalasi. Chingwe cha makiyi chinadulidwa. Nkhokwe inalandira maloko awiri, kiyi imodzi kwa kalaliki, ina kwa manijala kapena womuimirira, ndipo thumba silituluka popanda lisiti. Buku la malisiti ndi bokosi la ndalama zinapita kwa kalaliki. Kachipangizo ka chinyezi kanagulidwira mabatire n'kumangiriridwa pasikelo. Mamembala anayamba kulipidwa pa Airtel Money ndi Mpamba, kuti maulendo a kubanki achepe. Lolemba lililonse m'mawa antchito onse amaima mphindi 20 kugawana za sabata. Mwezi ukatha manijala amapereka ku bodi pepala limodzi lokha: wogulidwa, wopunthidwa, wogulitsidwa, wotsala m'nkhokwe, ndalama zomwe zilipo, ngongole zomwe tili nazo ndi zomwe ena ali nazo kwa ife. Tinalembanso patsamba limodzi zomwe manijala amagamula yekha ndi zomwe zimafuna bodi, chifukwa mapanga awiri anali atawavumbwitsa kokwanira.

Chofunika kuposa zonsezi chinali chiganizo chimodzi chomwe bodi inasainira: palibe katundu wotuluka pa ngongole popanda chilolezo cholembedwa m'maminitsi. Ndinamuuza manijala kuti lamuloli silinalembedwe kuti limugwire, ndi chishango chake. Alangizi ambiri timaphunzitsa mamanijala "kulimba mtima", ngati kuti vuto lili m'chifuwa mwawo. Mnyamata wa pamudzi sangakanize amalume ake ndi pakamwa pake, koma angathe kuloza pepala lomwe amalumewo anasainira okha. Tinachita kuyeserera muofesi, ine ndikusewera a Tcheya. Ulendo woyamba anaseka n'kulephera. Wachinayi anatha kunena akundiyang'ana: "Amalume, kiyi inayo ili ndi akalaliki, ndipo popanda maminitsi satsegula. Ndikuikireni pa ajenda?"

Makina

Chovuta kwambiri chinali kumuchotsa manja pa makina. Tinagwirizana kuti kwa miyezi iwiri aziphunzitsa mnyamata uja masana, ataima kumbuyo kwake manja ali m'thumba, ndipo usiku asamabwere. Mu Novembala mnyamatayo anapanikiza marola mopitirira muyeso, lamba anaduka, mpunga wa makasitomala awiri unasanduka misere. Chigayo chinaima masiku anayi kudikira lamba wochokera ku Lilongwe. Manijala anandiimbira mawu akunjenjemera: "Mwaona? Ndinanena ine." Sabata yotsatira ndinamupeza wabwerera pamakina, ovololo ili m'thupi.

Sindinamutsutse kuti kulakwitsako sikunadye ndalama. Tinakhala pansi n'kulemba mtengo wa lamba, wa masiku anayi ndi wa kubweza makasitomala aja. Pambali pake tinalemba mtengo wa mgwirizano wa sukulu womwe unatayika iye ali pamakina, ndi wa galimoto ya ku Kasungu yomwe inabwerera yopanda kanthu. Anayang'ana manambalawo nthawi yaitali. Kenako ndinamufunsa kuti iye anadula malamba angati chaka chake choyamba. Anati atatu. Anamusiya mnyamatayo pa ntchito, ndipo anachita chinthu chomwe sindinamuuze: analemba pa katoni ndi makala zinthu zisanu zoyang'ana asanayatse makina, n'kukhoma pakhoma. Kwa ine tsiku limenelo ndi lomwe anayamba umanijala, poti luso lomwe linali m'khutu ndi m'mano mwake linayamba kutuluka kupita kwa ena.

Zotsatira

Nyengo yogula ya 2023 inali ya phokoso. Mpunga wonyowa unkabwezedwa pasikelo kuti ukaume, ndipo mamembala ena anatukwana n'kupita kwa mavenda. Koparetivi inagula wocheperapo kuyerekeza ndi chaka chapitacho, chifukwa manijala anaika malire molingana ndi ndalama zomwe zinalipo, koma aliyense wogulitsa analipidwa sabata isanathe. Pa matumba 41 aja, 29 anabwezedwa. Otsalawo, ambiri a maliro, bodi inavomereza kuti sadzabwera. Sukulu ija sinabwerere, inali itapeza kale wina. A Tcheya anabweza awo onse 14 koma sanaimenso pa chisankho, ndipo mpaka lero ndi mwana wa mlongo wawo amangopatsana moni wa pamsewu. Mtengo umenewo analipira manijala, osati ine, ndipo mbali ina unachokera ku kulakwitsa kwanga kuja.

Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwanso, ulendo uno ndi 44 peresenti. Sabata yomweyo manijala anawerengera mtengo watsopano wa thumba, anaitanitsa msonkhano wa bodi, n'kuimbira ogula ake atatu akuluakulu asanamuimbire iwo. Ine ndinamva zonse zitachitika kale. Mwezi wotsatira anapita ku maliro ku Dwangwa masiku anayi, ndipo chigayo chinapuntha ndi kugulitsa masiku onsewo.

Pali zomwe sizinathe. Kalaliki uja, atazolowera kusunga mabuku bwino, anapeza ntchito ya malipiro abwinopo ku Salima, ndipo tinapeza kuti tinangosamutsa katundu kuchoka pa mutu umodzi kupita pa wina: palibenso wina ankadziwa kulemba buku la nkhokwe. Wolowa m'malo mwake akuphunzira, ndipo pano aphunzitsa awiri. Pepala la mwezi limachedwa nthawi yogula. Ulendo wanga womaliza ndinapeza pa ajenda ya bodi pali pempho la wapampando watsopano lofuna matumba awiri pa ngongole ya ukwati wa mwana wawo, lolembedwa ndi dzanja la manijala pa nambala 4. Iye mwini anali muofesi ndi foni kukhutu, akukambirana ndi woyendetsa galimoto za mtengo wa ulendo wa ku Lilongwe. Makina atasintha kulira kuseri kwa khoma anasiya kulankhula, anatchera khutu, n'kukuwira mnyamata uja pawindo kuti aone lamba wa kumanzere, kenako anabwerera pa foni.